Kodi "give up" ndi kugwa mphwayi? Malume akukana

Nambewe wa ku Area 25:
Abale ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 4 akukonzekera mayeso a MSCE, ndiye ali ndi kope lomwe amalembamo timawu ta Chingerezi toyenda tiwiritiwiri tija, mbali inayo n'kumaika Chichewa chake. Pa "give up" analemba kuti kugwa mphwayi. Malume anga, omwe abwera kudzaonetsa maso kuchipatala, atamva akuwerenga anangopukusa mutu. Akuti mphwayi si zimenezo, ndipo mwambi uja wakuti mphwayi ndi tsoka sunena za munthu wosiyira ntchito panjira. Nditafunsa kuti nanga umanena chiyani, anangoti "ana inu" n'kupempha madzi akumwa. Mphwayi kwenikweni n'chiyani?

Wa ku Mitundu:
Agogo anga mwambi umenewu ankaunena nthawi ya ngumbi. Mvula ikagwa masana, dzuwa n'kuwalanso chakumadzulo, ankadziwa kuti usiku zituluka. Ankatituma kukasesa pachulu, kukumba kadzenje, n'kumanga miyuni ya udzu. Ndiye pamapezeka wina woti "aaa, matope onsewa, mwina sizituluka n'komwe," basi n'kukagona. M'mawa anzake akukazinga ngumbi m'phale, akuuluza mapiko m'lichero, iye akungomeza malovu. Agogo osakalipa ayi. Ankangoti mphwayi ndi tsoka, n'kumutapira kadzanja kamodzi. Munthu ameneyo sanasiye kanthu panjira, sanayambe n'komwe. Malume anu akunena zoona, achemwali.

Aphunzitsi opuma:
Mayi Nambewe, mwanayo sanalakwitse kwenikweni, koma wagwira mwendo umodzi wokha. Mawu a give up amenewa ndinawaphunzitsa zaka zambiri ndipo ali ndi njira zingapo. Munthu akaleka fodya kapena mowa, Angerezi amati wachita give up, apo n'chimodzimodzi quit kapena stop. Msilikali akaimika manja, ndi surrender. Wakuba akatopa kubisala n'kukadzipereka yekha kupolisi amati gave himself up. Ukamutaya munthu poona kuti sadzasintha, pamabwera kamawu kena kutsogolo, give up on. Ana ambiri amasokonezanso ndi give in, komwe ndi kulolera chifukwa akukakamiza kwambiri, ngati mayi wogulira mwana switi kuti asiye kulira. Pamayeso aziona chiganizo chonse.

Mlamu wa ku Leeds:
Aphunzitsi mwaiwala mpando. Kuno m'basi muli mipando yakutsogolo yomwe amakupempha kuti uchite give up akakwera wokalamba kapena wolumala. Palibe kutaya mtima pamenepo, n'kupatsa ulemu basi. Ikafikanso Lenti anzanga kuntchito amafunsana kuti chaka chino ukuchita give up chiyani, wina chokoleti, wina vinyo, mpaka Pasaka. Kwathu tikanati kudzimana kapena kusala.

Nachisale:
Ine ndikukana za Wa ku Mitundu. Mayi anga aakulu ku Thyolo chaka china analima bwino, feteleza wa ngongole, kupalira kawiri konse. Kenako ntchemberezandonda zinalowa m'munda, chimanga kungotsala mapesi. Anakhala pakhonde n'kunena kuti "ndagwa mphwayi, chaka chamawa ndingobzala chinangwa." Mukuti amenewo sanayambe? Anayamba, anatuluka thukuta. Mwana wa achemwaliwa walemba zolondola.

Wa ku Mitundu:
Mayi Nachisale, mvetsetsani zomwe mayi anu aakulu ananena. Anati chaka chamawa. Mphwayi zawo zinali za munda womwe anali asanaulime. Wa chaka chimenecho anali ataumaliza. Ndiye ndi zomwe ndikunena zija, mphwayi zimagwira munthu asananyamule khasu.

Nachisale:
Achimwene, mwayamba kukhotetsa mawu a mayi anga omwe simunawaonepo?

Mkulu wa mpingo ku Nkhoma:
Pepani ndilowerere. Tanthauzo lina la give up lomwe simunatchule lili m'Baibulo la Chingerezi la King James la 1611. Pa Yohane 19:30 amati Ambuye gave up the ghost, ndipo mawu omwewo ali pa Hananiya, Machitidwe 5:5. Buku Lopatulika pa Yohane pomwepo limati anawerama mutu, napereka mzimu. Taonani, omasulira anasankha kupereka. Sakanalemba kuti anagwa mphwayi, mpingo ukanadzuka. Masiku ano Angerezi mawu omwewo amanenera galimoto yakale ikafa osadzukanso.

Mlamu wa ku Leeds:
Zoona abambo, ndinamvapo mayi wina akunenera makina ochapira zovala. Ndinaseka ndekha.

Gogo wa Chisomo:
Agogo athu ku Ntcheu ankasiyanitsa zinthu zitatu. Waulesi ndi amene mphamvu ali nazo koma thupi salifuna kuligwiritsa ntchito. Wotaya mtima ndi amene wayesa mpaka chiyembekezo chatha, ngati wodwazika matenda aakulu. Wamphwayi ndi uja mtima wake wazizira, amangoti kaya, tiona. Mwina onse awiri mukukhoza. Koma chondiwawa ine si chimenecho. Mdzukulu wanga tsiku lina akutsegula botolo la mafuta ophikira, lakanika, akuti "gogo ndapanga give up." Kupanga! Amapanga mpando, amapanga mbaula. Chichewa chili ndi ndalephera, zandikanika, ndatopa nazo, ndagonja, ndazisiya. Zonsezi wazilumpha.

Aphunzitsi opuma:
Mwakhudza pachilonda mayi. "Kupanga" ameneyu wameza aneni onse. Kupanga decide, kupanga apply, kupanga confirm. Pawailesi pomwe owulutsa mawu akutero. Chingerezicho sachidziwa bwino, Chichewa nacho akuchitaya. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mfana wa ku Ndirande:
Madala athu mumatha kudandaula bwanji. Inu nomwe mumati sukulu, buku, foni, tebulo, feteleza, zimenezo munazitola kudambo? Komanso taonani pamwambapa, akuluakulu asanu mwalephera kugwirizana kuti mphwayi n'chiyani. Ine ndikati ndapanga give up, aliyense pa Ginnery Corner wamva, palibe woitana malume.

Gogo wa Chisomo:
Mwanawe, tebulo kunalibe kwathu, n'chifukwa tinabwereka dzina. Kutopa kunalipo kuyambira kalekale.

Wa ku Mitundu:
Tisachoke pa mutu. Funso linali la mwambi, ndipo mwambi sunati kugonja ndi tsoka kapena kutopa ndi tsoka. Tsoka lake ndi lakuti mwayi wadutsa iwe uli chigonere. Ngumbi sizidikira munthu.

Nachisale:
Ngumbi zanuzo tazimva kale achimwene. Kwathu timati kugwa mphwayi, ndipo munthu sagwa asanaimirire. Yankhani pamenepo.

Mfana wa ku Ndirande:
Nanga kugwa ulesi? Nanga kugwa m'chikondi? Nawonso amayamba aimirira?

Aphunzitsi opuma:
Kugwa m'chikondi n'Chingerezi chovala chitenje chimenecho, mwanawe. Usachilowetse muno.