Filimu ya asodzi ku Nkhotakota: nditenge anyamata a m'tauni kapena a kugombe konkuno?

WakuLinga: Anzanga, ndalemba nkhani ya siginala, mnyamata uja amakhala yekha m'bwato usiku ndi nyali kukopa usipa kuti anzake aponye ukonde wa chilimira. Ndikufuna kuijambulira kwathu ku Nkhotakota. Ndalama ndi za m'thumba mwanga, kamera yobwereka. Anzanga a zisudzo ku Lilongwe akuti abwera bola ndiwalipirire basi ndi chakudya. Koma sanagwirepo nkhafi. Kodi ndiwatenge, kapena ndiphunzitse asodzi enieni kuchita sewero?

NaBanda_BT: Achimwene, tengani a komweko. Mukukumbukira The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019? Anaijambulira kuno ku Malawi, nkhani ya Kamkwamba wa ku Wimbe, zithunzi zokongola zedi. Koma Chichewa cha ena mwa ochita sewero ochokera kunja aja chinatiseketsa pamalo ofunika kulira. Akunja sanamve vuto, ife tinamva. Mwana wa ku Area 25 ku Lilongwe akakwera bwato, asodzi adzamudziwa asanayankhule n'komwe, pa kakhalidwe kokha. Wa m'tauni mupatseni mbali ya wogula usipa wochokera ku Lilongwe, ameneyo sadzavutika.

Zamawu: Ine nkhawa yanga si anthu ayi, ndi mphepo. Musayerekeze kupita nthawi ya mwera, cha mu Juni ndi Julaye. Maikolofoni imangogwira phuu, mafunde n'kumaliza zotsalazo. Chithunzi chakuda anthu amapirira, koma mawu osamveka amazimitsa foni. Gulani kamaikolofoni kopanira pa malaya, mukakulunge mu pulasitiki, ndipo mawu ofunika mukawajambulenso m'nyumba muli zii. Chinanso, ndondomeko yanu ilembedwe ndi mwezi wakumwamba, osati kalendala. Mwezi ukawala nyali sizikopa usipa, ndiye asodzi amakhala pamtunda, apo ndi pamene angakupatseni nthawi. Kukachita mdima ali pa ntchito, mukawachotsa panyanja mulipire nsomba za usiku umenewo.

WakuLinga: Za mwezizo ndalemba. Nanga chilolezo?

NaBanda_BT: Yambani kwa amfumu, kenako komiti ya pagombe, ndipo musapite chimanjamanja. Aliyense woonekera asaine kapepala, ngakhale ndi chidindo cha chala. Nyimbo zoimba pokoka ukonde mufunse mwini wake, za ojambula kale mukafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso. Filimuyo ikatha, mukaionetse kaye pagombe pomwepo musanaiike pa YouTube. Nsalu yoyera ndi jenereta zikwanira.