Pule ya crankshaft yakanirira pa injini ya 4A-FE, ndiichotse bwanji osaononga shafuti?

Chitedze_4A

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Corolla ya injini ya 4A-FE, giya ya otomatiki. Pule ya crankshaft (gudumu loyendetsa malamba lomwe lili kumapeto kwa shafuti yaikulu ya injini) ikugwedera injini ikamalira. Mphira ya pakati pake yang'aluka mozungulira, moti mkombero wakunja wasendera kumbuyo n'kuyamba kukhula chivundikiro cha lamba wa timing. Pule ina ndapeza kale. Vuto ndi bawuti yapakati. Sipanala ya mphepo ya theka la inchi ikungogogoda osaisuntha, ndipo ndikaika soketi ndi chitsulo chachitali injini imangozungulira limodzi, ngakhale giya ili pa P. Ndigwire pati? Nanga bawutiyo ikatuluka, puller (chida chozulira pule) ya zala zitatu ingathandize?

Mmisiri_Nm

Achimwene, P sangakugwirireni injini. Amatseka mbali ya matayala, koma pakati pa injini ndi giya pali torque converter imene imayendera mafuta, ndiye crankshaft imazungulira momasuka. Zoika giya yapamwamba wina n'kuponda mabuleki zimatheka pa manyuwo pokha, ndipo nakonso mphamvu yambiri imathera m'masipuling'i a klatchi.

Gwirani pule yeniyeniyo, pa chitsulo chake chapakati. Mukasuzumira muona mabowo awiri a mazinga a M8. Pezani chitsulo chaphanthiphanthi chochindikala mamilimita 6 kapena 8, chotalika masentimita 60 kapena kuposa. Boolani mabowo awiri olingana ndi a pa pule, ndi lina lalikulu pakati loti soketi idutse. Chimangeni ndi mabawuti olimba a giredi 8.8, ndipo mapeto ake atsamire pansi kapena pa chitsulo cholimba cha tchesisi. Yezani kutalika kwa mabawutiwo: alowe mazinga onse a bowo, koma asatulukire kuseli, chifukwa kumeneko kuli chivundikiro cha pulasitiki ndipo adzachiboola. Ngati mabowo sakudalirika, njira ina ndi kuchotsa sitata n'kutsekera mano a flywheel (gudumu la mano limene sitata imazungulitsa) ndi chida chomangira pa bowo la sitatayo. Sikuludiraiva pamenepo ayi, imathyola dzino kapena kung'alula aluminiyamu.

Musamange tcheni kapena lamba pa mkombero wakunja. Mphira yatha kale, mkomberowo ungozungulira wokha.

Chotsani tayala lakutsogolo kumanja ndi pulasitiki ya m'kati mwake kuti bawuti ionekere mwachindunji. Soketi ikhale ya ngodya 6, chifukwa ya ngodya 12 imadya makona a mutu. Ngati pakufunika ekisitenshoni, ikhale imodzi yokha yonenepa, ndipo kumapeto kwake, pamene ikulumikizana ndi chitsulo chokokera, muitsamiritse pa sitandi yofanana msinkhu ndi bawuti. Mukapanda kutero mphamvu yanu imapendeketsa soketi m'malo mozungulitsa bawuti. Mazinga ake ndi a masiku onse, imamasuka mobwerera kumanzere. Ndi paipi ya mita imodzi, kokani pang'onopang'ono mosalekeza mpaka ilire.

Sipanala ya mphepo imalephera kawirikawiri pa zifukwa ziwiri: paipi ya mphepo yopyapyala, kapena ekisitenshoni yaitali imene imapotoka n'kumeza kugogoda konse. Soketi yolemera yolumikizidwa mwachindunji imasintha zinthu kwambiri. Zikakanikabe, mwina wina anapakapo guluu wa mazinga wofiira uja, amene amafewa pa madigiri pafupifupi 250. Tenthetsani mutu wa bawuti wokha, lawi lisaloze ku pulasitiki ndi ku lamba wa timing.

Giya_Faifi

Ena angakuuzeni zotsamiritsa chitsulo pa tchesisi n'kugunda sitata kamodzi. Pa 4A-FE zimatheka ndithu, poti injiniyi imazungulira mopita kumanja mukaiyang'ana kumbali ya pule, ndiye bawuti imamasuka. Koma muyambe mwazula waya wa koilo kapena fyuzi ya EFI kuti injini isalire, pasakhale munthu pafupi ndi chitsulocho, ndipo kiyi mungomukhudzitsa basi. Ine sindiikonda njirayi: soketi ikaterereka imadya mutu wa bawuti, ndipo chitsulo chikafwamphuka chimaswa chilichonse chimene chapeza. Pa injini za Honda za D ndi B musayese n'komwe. Zimazungulira mopita kumanzere pamene mazinga a bawuti ndi a masiku onse, ndiye sitata imangoimangitsa.

Chitedze_4A

Zikomo akulu. Chitsulo chogwirira chija chathandiza, bawuti yatuluka. Koma pule sikusuntha ngakhale pang'ono, pakamwa pa shafuti pali dzimbiri lofiira. Bowo limodzi la M8 mazinga ake atha pamene ndimakoka. Ndilowetse zitsulo ziwiri kuseli n'kuikankhira kunja?

Mayi_Torque

Musatero, bambo. Kuseli kwa pule kuli chivundikiro cha pulasitiki, ndipo kuseli kwa icho kuli nyumba ya pampu ya oyilo, ya aluminiyamu. Mukatsamiritsa chitsulo pamenepo, chosweka ndi chimenecho, pule ili pompo. Hamala yaikulu nayonso ayi. Crankshaft imagwiridwa kuti isayende kutsogolo ndi kumbuyo ndi tizitsulo topyapyala ta thrust, ndipo mpata wake sufika ngakhale theka la milimita. Nkhonya iliyonse ya pa pule kapena pa shafuti imakathera pa tizitsuloti.

Za puller ya zala zitatu munafunsa zija: imakoka mkombero wakunja. Pa pule yabwino imang'amba mphira n'kuiononga, pa yanuyi ingozula mkombero n'kusiya chapakati chili chikanirire. Yofunika ndi puller yomangira mabawuti m'mabowo a chitsulo chapakati.

Yambani ndi kukonza bowo lathalo. Liwonjezereni ndi dirilo ya mamilimita 8.5, mudule mazinga a M10 x 1.5. Kulungani tepi pa dirilo ngati chizindikiro kuti isapitirire kuseli, ndipo pakani girisi pa tapu yodulira mazingayo kuti tizidutswa timatirire. Ndi bwino kukuza mabowo onse awiri kuti akoke mofanana.

Thirani mafuta olowerera dzimbiri pakati pa shafuti ndi pule, makamaka pa mpata wa kiyi (kachitsulo kolowa pakati pa shafuti ndi pule kuti zizungulire limodzi), muwasiye maola angapo. Kenako bwezerani bawuti yapakati yakale ija, ilowe mazinga asanu kapena asanu ndi limodzi, mutu wake utalikirane ndi pule pafupifupi sentimita imodzi. Nsonga ya puller ikankhe pa mutu umenewo. Apa m'pamene ambiri amaononga shafuti: nsonga ikalowa m'bowo la crankshaft imaphwanya mazinga oyambirira, ndipo bawuti yatsopano sidzalowanso bwino. Puller ikhale yowongoka, mabawuti onse alowe mofanana, mazinga ake apakidwe oyilo. Mangani mpaka ilimbe, gogodani mopepuka m'mbali mwa chitsulo chapakati ndi hamala yaing'ono ya mkuwa, onjezerani kotala ya kuzungulira, dikirani pang'ono, bwerezani. Dzimbiri limamasuka ndi kugwedezeka pamene chinthu chili chokokedwa, osati ndi mphamvu yokha. Pule ikayenda n'kufika pa washa, masulani puller, bwezani bawuti kunja pang'ono, pitirizani.

Poti puleyi ndi yotaya, kutentha n'kololedwa. Zungulizani lawi laling'ono pa chitsulo chapakati kwa mphindi imodzi kapena ziwiri puller ili yomangidwa. Cholinga n'chakuti pule ifutukuke shafuti isanatenthe. Mukachedwetsa zonse ziwiri zimafutukuka ndipo simupindula kanthu. Tchingani pulasitiki ndi lata, pukutani mafuta onse munathira aja, ndipo chozimira moto chikhale pafupi chifukwa mphira imayaka.

Zonsezi zikalephera, zulani mkombero wakunja, mulowetse bearing separator (chida cha zitsulo ziwiri chogwira chinthu kuseli pochizula) kuseli kwa chapakati ngati mpata ulipo. Njira yomaliza ndi kuboola timabowo tondondozana m'litali mwa chitsulocho, pamwamba penipeni pa mpata wa kiyi pamene chili chopyapyala, n'kuching'amba ndi tchizulo. Pamenepo dirilo ikapitirira imakumana ndi kiyi, amene ndi wosinthika, osati shafuti.

Mmisiri_Nm

Mayi afotokoza bwino. Ndiwonjezere za ikatuluka, chifukwa dzimbiri lofiira ngati ufa nthawi zina si la madzi. Limabwera pamene pule yakhala ikusewera pa shafuti chifukwa bawuti inali yosamangitsa. Yang'anitsitsani kiyi ndi mpata wake. Kiyi watsopano ayenera kulowa mothina. Ngati akugwedera kapena m'mbali mwa mpata mwakumbika, pule yatsopano idzagwederanso. Onaninso giya ya lamba wa timing imene ili kuseli, chifukwa ikamasewera timing imasuntha ndipo injini imafooka.

Tsukani mphuno ya shafuti ndi sandipepala wa 400 mpaka iwale, pukutani, pakani oyilo pang'ono. Pule ilowe ndi manja itayang'anizana ndi kiyi. Ikathina, ikokereni m'kati ndi bawuti yaitali ya mazinga omwewo ndi mawasha. Musaikoke ndi bawuti yake itangogwira mazinga awiri, mudzawazula. Pomanga gwiritsani torque wrench mutagwira ndi chitsulo chija: pa 4A-FE ndi 118 Nm. Sipanala ya mphepo siyeza, imasiya yofooka kapena yopyola.

Poti mkombero umakhula chivundikiro, chitsegulani muone ngati tizidutswa ta pulasitiki talowa kwa lamba. Mukapeza oyilo pansi pa giya ya lamba, sili ya kutsogolo yatha. Pa injiniyi ili kuseli kwa giyayo, ndiye lamba ayenera kutsika kuti muisinthe.

Giya_Faifi

Kwa amene akuwerenga ali ndi injini ina: musanakhudze bawuti fufuzani ngati shafuti yanu ili ndi kiyi. Mazda ya injini za L za 2.0 ndi 2.3, Ford Duratec ya banja lomwelo, ndi Ford Zetec-SE ya 1.25, 1.4 ndi 1.6 zilibe. Timing imagwiridwa ndi kuthina kwa bawutiyo basi, ndiye mukangoimasula giya ya timing imamasuka pa shafuti, ndipo mavalavu angathe kugundana ndi mapisitoni. Pamenepo mumayamba mwaika pisitoni yoyamba pamwamba, kulowetsa pini ya timing m'mbali mwa buloko ndi kutsekera ma camshaft. Piniyo ndi yolozera malo, si yogwirira pomasula, ndiye pule kapena flywheel igwiridwe payokha. Bawuti yake ndi yotamuka ndipo sibwezeredwa kawiri. Pa injini za L ija yatsopano imamangidwa 100 Nm kenako madigiri 90.