Mwana wanga wasankhidwa kupita ku ulendo wa utumiki ku Mozambique: ndifunse zotani ndisanamulole?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, landirani moni. Ndine bambo wa ana asanu, ndimakhala kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo ndakhala mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, choncho funso langali silikuchokera kwa munthu wodana ndi ntchito yolalikira. Mwana wanga wamkazi wa zaka 19, amene amaimba kwaya ndipo analemba kale mayeso a MSCE, wasankhidwa pamodzi ndi achinyamata ena 13 kuti apite ku Mozambique kwa masabata atatu m'mwezi wa February. Akukonza ulendowu si mpingo wathu ayi, ndi bungwe lina la utumiki lochokera m'tauni limene linadzachititsa msonkhano wa chitsitsimutso kwathu kuno, ndipo linabwera ndi alendo awiri akunja.

Poyamba anatiuza kuti anawo adzatulukira pa chipata cha Marka ku Nsanje ndi kukatumikira ku Mutarara, ndipo mtima wanga unali m'malo chifukwa kumeneko kuli abale athu ndipo Chisena chimamveka. Sabata yatha nkhani inasintha, akuti gulu lidzapitirira mpaka chigawo cha Nampula, mwinanso kutsogolo kwake. Nditafunsa mayina a midzi ndi mipingo imene idzawalandire, mtsogoleri wawo anandiyankha kuti Mzimu adzawatsogolera akakafika. Aliyense akupereka K300,000, ndipo mapasipoti a anawo akuti asonkhanitsidwe msanga kuti asungidwe ndi mtsogoleriyo mpaka pobwerera. Amayi ake a mwanayu akukana kwamtuwagalu, mwana akulira kuti tikumutsekera chiitano chake, ndipo abusa athu, amene ndimawalemekeza, andiuza mofatsa kuti ndisalole mantha kulamulira nyumba yanga. Ndikupempha amene munayendapo maulendo otere, kapena mumalidziwa bwino dzikolo, mundiuze zimene kholo liyenera kufunsa, ndiponso pamene liyenera kukana ngakhale lioneke lopanda chikhulupiriro.

Mayi wogwira ntchito yoteteza ana, ku Nsanje boma:

Bambo, ndiyambe ndi nkhani ya pasipoti chifukwa ndiyo yandidzidzimutsa kuposa zonse. Pasipoti iyenera kukhala m'manja mwa mwini wake, makamaka munthu wa zaka 19 amene ndi wamkulu pamaso pa malamulo. Mtsogoleri wanzeru amasunga mafotokope a mapasipoti onse, amasiyanso ena kwa makolo ndi ku mpingo, koma zenizenizo sazitenga. Sindikunena kuti anthu amenewa ndi ozembetsa anthu, pakuti sindikuwadziwa, koma kulanda ziphaso ndiyo njira imene amayi ambiri a ku Malawi anatsekeredwa nayo m'nyumba za eni ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ndipo dziko lathu linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015 chifukwa mchitidwewu ulipodi pakati pathu. Munthu wopanda chiphaso m'dziko la eni sangathawe, sangakwere basi yodutsa pa zipata za apolisi, ndipo amaopa kudandaula kwa aliyense.

Funsaninso ngati bungwelo linalembetsedwa ku boma ndipo muone chikalata chake ndi maso anu. Funsani ngati pa ulendowo padzakhala mayi wamkulu wodziwika kwa inu amene adzagona malo amodzi ndi atsikana. Zoopsa zambiri zimene atsikana amakumana nazo pa maulendo a mpingo sizichokera kwa zigawenga za kutchire, zimachokera kwa munthu amene ali m'gulu momwemo ndipo aliyense amamuopa kumutsutsa chifukwa amatchedwa mtumiki wa Mulungu.

Mnyamata wa ku Tengani:

Ine ndapitako kanayi ku Mutarara ndi ku Vila de Sena ndi achinyamata a mpingo wathu, ndipo palibe chinatichitikira kupatula kutopa ndi kutentha, kumene ife a kuchigwa kuno tinakuzolowera. Tinawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, tinagona m'matchalitchi, anthu anatiphikira nsima ya mapira ngati kwathu. Ndikuona kuti nthawi zina akuluakulu mumaliopa dziko la Mozambique chifukwa mumakumbukira nkhondo imene inatha mu 1992, pomwe ife timangoona kuti ndi tsidya lina la mudzi wathu. Koma ndivomereze kuti ifeyo tinkapita kwa abusa amene abusa athu amawadziwa ndi dzina, ndipo foni yawo inali nayo mpingo wonse. Za ku Nampula sindingalankhulepo ngati mmene ndalankhulira za Mutarara, chifukwa kumeneko Chisena sichikuthandizani, anthu ambiri amalankhula Chimakuwa ndi Chipwitikizi.

Dalaivala wa magalimoto akuluakulu, wa ku Nchalo:

Akulu, ine ndayenda misewu ya ku Tete, Beira ndi Nacala kwa zaka zoposa khumi, ndipo ndikupempheni kuti mawu akuti "mwinanso kutsogolo kwake" musawatenge mopepuka. Kutsogolo kwa Nampula cha kumpoto ndi Cabo Delgado, chigawo chimene muli nkhondo ya zigawenga kuyambira mu October 2017 pamene zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia. Mu March 2021 zinalowa m'tauni ya Palma ndi kupha anthu ambiri, eni dziko ndi alendo omwe. Ndipo musaganize kuti malire a chigawo ndi mpanda, chifukwa mu September 2022 zigawengazo zinawoloka mtsinje wa Lúrio ndi kuwotcha mishoni ya Katolika ya Chipene m'chigawo cha Nampula chomwecho, ndipo zinapha sisitere wa ku Italy, Maria De Coppi, amene anali atatumikira m'dzikomo kwa zaka pafupifupi 60. Ngati mayi wodziwa chinenero, anthu ndi njira zonse anaphedwa pakhomo pake, gulu la achinyamata achilendo oyenda ndi zokuzira mawu lidzabisala kuti? Mzinda wa Nampula weniweniwo anthu amachitamo malonda tsiku ndi tsiku, ine ndemwe ndimagonamo, koma chigawocho ndi chachikulu, ndiye dzina la boma ndi la mudzi ndilo lingakuuzeni ngati malowo ndi abwino kapena ayi.

Komabe, choopsa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi msewu. Funsani kuti adzayenda pa galimoto yanji, ya yani, ndipo madalaivala adzakhala angati. Magulu a mipingo amakonda kubwereka minibasi yotopa, kudzazamo anthu, majenereta ndi matumba a ufa, kenaka kuyenda usiku wonse ndi dalaivala mmodzi kuti asalipire malo ogona. Inshuwalansi ya galimoto ya kuno siigwira ntchito kumeneko, imagulidwa ina pa chipata, pamodzi ndi chikalata cholowetsera galimoto kwa kanthawi. Wopanda mapepala amenewa amathera ndalama za gulu m'manja mwa apolisi a pamsewu, ndipo ana amagona ndi njala. Aliyense akhale ndi ndalama zake za meticais zokwanira kubwerera yekha pa basi, zosokeredwa m'chovala, komanso agule simu khadi ya Movitel kapena Vodacom akangolowa, chifukwa netiweki ya Airtel ndi TNM imatha mukangotalikira malire.

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Bangula:

Ine ndadabwa kuti palibe amene watchula mwezi wa ulendowu. February ndi March ndi nyengo ya anamondwe, ndipo ife a kuchigwa cha Shire sitifunika kuuzidwa ndi wina. Namondwe wa Idai anagwetsa mzinda wa Beira mu March 2019, wa Ana anatimiza mu January 2022, wa Gombe anagwera m'chigawo cha Nampula mu March chaka chomwecho, ndipo wa Freddy, amene analowera cha ku Quelimane mu March 2023, tonse tikudziwa zimene anatisiyira. Misewu yambiri ya ku Mutarara ndi Morrumbala ndi yafumbi, madzi akasefukira gulu likhoza kutsekeredwa kwa masabata, ndipo pamenepo m'pamene munthu amayesedwa kuti akwere bwato pa Shire wodzaza, muli ng'ona ndi mvuu.

Nkhaniyi imandikumbutsa Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni oyamba a UMCA, bungwe la amishoni a mpingo wa Anglican, amene anakhazikika ku Magomero. Anatsika ndi bwato pa Shire nthawi ya mvula, bwatolo linagubuduka, mankhwala ake onse kuphatikizapo kwinini anapita ndi madzi, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, cha ku Chiromo. Chikhulupiriro anali nacho chochuluka kuposa ambiri a ife, chimene chinasowa tsiku limenelo ndi botolo la mankhwala. Patangopita miyezi itatu mkazi wa Livingstone, Mary, anamwaliranso ndi malungo ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Kwa abusa anu, bambo, mukhoza kuwakumbutsa mwaulemu za Machitidwe 27, pamene Paulo yemweyo amene sankaopa ndende anachenjeza oyendetsa chombo kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, iwo sanamvere, ndipo chombo chinasweka. Ulendo womwewu utakhala wa mu June kapena July, theka la nkhawa zanga likanachoka.

Mlaliki wa ku Makhanga:

Ndikumva zonse zimene zanenedwa ndipo sindikutsutsa, koma ndikuopa kuti tikapitirira motere palibe amene adzatuluke pakhomo pake kukalalikira. Uthenga unafika kuchigwa kuno chifukwa anthu ena analolera kufa, ndipo ife sitingafune utumiki wopanda mtengo wake. Ngakhale zili choncho, ndikusiyana ndi mtsogoleri amene akukana kutchula kumene akupita. Munthu akhoza kupereka moyo wake ngati waitanidwa, koma alibe ufulu wopereka moyo wa mwana wa mnzake popanda kuuza kholo zoona zake. Amishoni amene tikuwatamandawo ankadziwa kumene akupita ndipo ankasankha okha ndi maso otsekula.

Namwino, wa ku Chikwawa:

Pa za umoyo ndinene mwachidule. Aliyense atenge neti yake yonyikidwa m'mankhwala, ndipo gulu likhale ndi zipangizo zoyezera malungo ndi mankhwala a LA, pamodzi ndi munthu mmodzi wodziwa kuzigwiritsa ntchito. Atenge klorini wothira m'madzi akumwa ndi mapaketi a Thanzi ORS, chifukwa kolera amabuka nyengo ya mvula mbali zonse ziwiri za malire, ndipo mliri umene unayamba kuno mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a mphumu kapena a khunyu, atenge okwanira masabata asanu osati atatu. Funso loti mufunse mtsogoleri ndi lakuti, mwana akadwala usiku, chipatala chapafupi ndi chiti, adzamunyamula pa chiyani, ndipo adzalipira ndani? Ndipo, ngakhale n'zowawa kunena, wina akamwalira, ndani adzabweretse maliro kumudzi?

Mlongo wokhala ku Johannesburg, kwawo ku Nsanje:

Ndiwonjezere pa alendo akunja amene mwawatchula. Kuyenda ndi azungu kumaoneka ngati chitetezo, koma m'madera a chisokonezo ndiko kumakopa maso a achifwamba. Mu October 2021 gulu la zigawenga ku Haiti linagwira amishoni 17 a bungwe la Christian Aid Ministries la ku America, mwa iwo ana asanu, ndipo omaliza anatuluka patatha miyezi iwiri. Mu July 2007 a Taliban anagwira Akhristu 23 a ku South Korea amene anapita ku Afghanistan pa ulendo waufupi ngati womwewu, ndipo awiri anaphedwa. Anthu amenewo anali ndi maboma amphamvu owalankhulira. Alendo anuwo mwina ali ndi inshuwalansi yowatulutsa pa ndege zinthu zikavuta, ndiye funsani ngati ana athu alinso m'gulu la otulutsidwawo. Kumbukiraninso kuti zipolowe za pambuyo pa chisankho cha October 2024 zinathamangitsa anthu zikwi zambiri kuchokera ku Morrumbala kudzafika ku Nsanje mu December, mpaka ena anakasungidwa ku Nyamithuthu, ndipo masiku amenewo misewu inkatsekedwa mwadzidzidzi. Gululi lidziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo kapena ofesi yathu ya ku Tete lisananyamuke, ndipo alowere pa chipata chovomerezeka kuti mapasipoti adindidwe, asadzere njira za m'madambo zimene ife a m'malire tinazizolowera popita ku maliro.

Mwini funso:

Takhuta kwambiri nonse, ndawerenga yankho lililonse pamodzi ndi amayi a kunyumba komanso mwana mwini wakeyo. Dzulo ine ndi makolo ena anayi tinakumana ndi mtsogoleri uja pamaso pa abusa athu. Pa za mapasipoti wavomera kuti aliyense asunge yake, ndipo awiri amene anali atapereka kale abwezeredwa. Pa za malo, watchula mpingo umodzi wa ku Mutarara ndi dzina la mbusa wake, ndipo mlamu wanga amene amakhala kumeneko watsimikiza pa foni kuti mbusayo alipodi ndipo akuyembekezera alendo. Za ku Nampula walephera kutchula ngakhale boma limodzi, ndipo titafunsa za kusuntha ulendo kufika mu July wati alendo akunja aja anagula kale matikiti a ndege a February. Makolo tamuuza kuti ana athu angathe kupita ku Mutarara kokha, nyengo ya mvula ikatha, ndi mayi mmodzi wa chigwirizano cha amayi a mpingo wathu. Wati akafunse anzake ndipo atiyankha Lamulungu likubwerali. Mwana wanga sakundilankhula bwino mpaka pano. Ngati alipo amene akudziwa mmene msewu wochokera pa Marka kudzera Vila Nova da Fronteira kufika ku Mutarara ulili chaka chino, ndiponso ngati minibasi ingadutsemo mu July, andiuze pano chifukwa ndikufuna ndikakhale nalo yankho limeneli pa msonkhano wa Lamulungu.