Ulendo wa Khirisimasi wa ana a mkombaphala: makolo akufuna kunyanja

Nachisale, Area 25

Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani ya ulendo wotsekera teremu, ndipo ndikufuna nzeru zanu msanga poti masiku atha. Pasukulu panga pali ana 46, ang'onoang'ono ndi a zaka 3, akuluakulu a zaka 6. Pamsonkhano wa mwezi watha makolo anagwirizana kuti chaka chino ana akaone nyanja ku Senga Bay, ikhale Khirisimasi yawo, ndipo tinaika ndalama yoti aliyense asonkhe. Pofika lero asonkha ndi 35. Enawo 11 ndikudziwa kuti sakwanitsa, ena mwa iwo ngakhale fizi ya teremu ino sanamalize. Mwini kosta yemwe tinapangana naye wakweza mtengo, akuti mafuta akuvuta. Antchito tilipo 5, kuphatikizapo ineyo ndi amayi ophika. Mvula nayo yayamba kugwa pafupifupi masana aliwonse. Mtima wanga sukukhazikika, koma makolo analonjeza kale ana kunyumba, moti m'kalasi nkhani ndi ya nyanja yokhayokha. Ndichite bwanji?

A Mbewe, Salima

Amayi, ine sukulu yanga ili kuno ku Salima, nyanja tili nayo pakhomo, koma ana a mkombaphala sindipita nawo kugombe mu Disembala. Ndikupemphani musabwere nawo.

Yambani ndi msewu. Kuchoka ku Lilongwe kudzafika ku Senga Bay ndi makilomita opitirira 100, ndipo pa kosta yodzaza ana, yoima apa ndi apo chifukwa wina wafuna kukodza, wina wasanza, muwerengere maola atatu. Mukanyamuka 7 koloko mufika dzuwa litakwera, ana atatopa kale. Pobwerera ndi maola enanso atatu, nthawi yomwe mvula imakonda kugwa, msewu woterera, ndipo nyengo ya zikondwerero ino madalaivala oledzera amachuluka.

Tsono madziwo. Mwana wa zaka 3 samira mokuwa ayi. Amangogwa chafufumimba m'madzi ofika m'mawondo anu, n'kulephera kudzuka, osamveka ngakhale mawu. Inu muli ndi akuluakulu 5, mmodzi adzakhala pa chakudya, wina adzakhala akuperekeza ana kuchimbudzi tsiku lonse. Otsala atatu ayang'anire ana 35 pagombe pomwe padzakhalenso anthu ena ambirimbiri, nyimbo zili pamwamba. Sizingatheke. Onjezani za likodzo: m'malo momwe madzi ndi odekha, muli bango ndi udzu, ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa matendawa, ndipo ana amathamangira momwemo chifukwa mulibe mafunde. Zizindikiro zake sizioneka tsiku lomwelo, zimadzatuluka patapita masabata, kholo n'kudzakumbukira ulendo wanu.

Nangozo, Kawale

A Mbewe anena zoona, koma tisaiwale mbali inayi. Ife timadya pa fizi. Makolo akangomva kuti sukulu ya uko inapita kunyanja, yanu inalephera, Januwale mupeza ana atasamutsidwa. Ife chaka chatha tinapita ku Senga Bay komweko ndipo tinabwerako bwinobwino, zithunzi zake zinatibweretsera ana atsopano. Mwina a Nachisale angopempha makolo angapo aperekeze.

A Mbewe, Salima

Asisi, ana anuwo anali a zaka zingati?

Nangozo, Kawale

Anali a Sitandade 3 ndi 4, ang'onoang'ono tinawasiya. Komanso tinapita mu Okutobala, sabata ya Tsiku la Anakubala, mvula isanayambe. Ndamva pomwe mukulozera, achimwene. Komabe funso langa lilipobe: makolo 35 asonkha ndalama ya kunyanja, muwauza chiyani?

Naphiri, Area 49

Ndilowepo. Makolo safuna madzi kwenikweni, amafuna mwana akwere galimoto ndi anzake, akaone chinthu chomwe sanaonepo, abwere akufotokoza mpaka tulo. Zimenezo zilipo pafupi. A Nachisale, inu muli ku 25, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pakhomo panu. Mukatulukira pa Kanengo mwalowa M1, mphindi 30 sizikwana mwafika. Panjira muwaonetse nkhokwe zikuluzikulu za chimanga zija za ku Kanengo ndi njanji ya sitima, ulendo wayamba kale kukoma musanafike n'komwe. Kwa mwana wa zaka 4, kuona ndege ikutera, anthu akutsika pamakwerero, ngolo za katundu zikukokedwa, ndi nkhani ya mwezi wathunthu. Ndipo pali denga, mvula ikabwera simusowa kothawira.

Koma si malo ongotulukira. Lembani kalata lero kwa akuluakulu a pabwalopo, pa pepala la sukulu, ndi chidindo. Mutchule tsiku, chiwerengero cha ana ndi zaka zawo, mayina a akuluakulu operekeza, ndi nambala za magalimoto. Kalatayo mukaipereke pamanja ndipo mutenge nambala ya munthu amene wailandira, chifukwa mu Disembala pabwalo pamakhala piringupiringu, atha kukusinthirani tsiku. Muwafunse zinthu zitatu: nthawi yomwe ndege zikuluzikulu zikutera tsiku limenelo, malo omwe ana angaimepo n'kumaonera, ndi ngati pali ndalama yolipira. Ndege zambiri zochokera kunja zimafika chakumasana, choncho musafike 8 koloko n'kumadikira ndi ana maola anayi. Funsaninso za kujambula zithunzi, pali malo ena omwe salola.

Najere, Biwi

Kapena Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ija ili m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Ali ndi maphunziro a zachilengedwe a ana a sukulu, ndipo ana amasangalala kuyenda pansi pa mitengo.

Naphiri, Area 49

Malo abwino kwambiri amenewo, ine ndimawakonda. Kungoti cholinga chawo ndi kusamalira nyama zopulumutsidwa kuti zina zibwerere kutchire, si koonetsera nyama, ndiye mwana amene mwamulonjeza mkango abwerako atakhumudwa. Komanso ndi panja, tinjira ta m'nkhalango nyengo ino ndi matope, ndipo mabingu akayamba pansi pa mitengo si pokhala ndi ana 46. Ine ndingasungire ulendo umenewo teremu yachitatu, kukauma.

Nachisale, Area 25

Zikomo nonse, mtima wayamba kutsika. Za bwalo la ndege zandigwira mtima, makamaka poti mtunda ndi waufupi, ndalama ya thiransipoti itsika kwambiri. Ndawerengera apa, zomwe asonkha 35 aja zitha kunyamula ana onse 46, chakudya n'kukwanira, kanthu n'kutsalako. Koma kodi osonkhawo sadandaula kuti ndalama zawo zanyamula ana a eni?

Amayi Nabanda, Chilinde

Mwana wanga, pamenepa ndi pomwe ndimafuna kulankhulapo. Ndakalamba ndi ntchito imeneyi ndipo chinthu chomwe sindilola pasukulu panga ndi kusiya mwana pageti anzake akukwera basi. Mwana wa zaka 4 sadziwa za fizi. Amangoona kuti mnzake wokhala naye pamphasa wakwera, iye watsala ndi amayi ophika, ndipo amaganiza kuti walakwa. Ena amabwera atavala kale zovala zawo za Khirisimasi, makolo akuyembekeza kuti mwina muwamvera chisoni. Ulendo woti ana 11 atsale si ulendo wa sukulu.

Za osonkhawo, musawabise kanthu koma musatchule dzina la mwana aliyense. Itanani komiti ya makolo mawa, muwaonetse bajeti papepala, ndalama yalowa ndi iyi, ituluka ndi iyi. Komitiyo ndi imene ilankhule ndi anzawo, osati inu nokha. Kwa makolo 11 aja pitani mwakachetechete, aliyense payekha, muwauze kuti mwana apita, ndipo amene angathe abweretse chomwe ali nacho: wina nkhuni, wina tomato ndi anyezi, wina abwere adzathandize kuphika kapena kuperekeza ana. Munthu akaikapo dzanja sachita manyazi. Ndipo inu mukufunika manja ambiri, pa ana a msinkhu uwu wamkulu mmodzi asapitirire ana 5, a zaka 3 aja atatu basi.

Uthenga wa pagulu la makolo ukhale waufupi, mwina motere: "Makolo athu, titakambirana ndi komiti, taona kuti chifukwa cha mvula ndi msinkhu wa ana athu, ulendo wa kunyanja tiusunthire nyengo yopanda mvula, pomwe kholo lililonse lidzapite ndi mwana wake. Khirisimasi ino ana onse akaona ndege ku Lumbadzi. Ndalama yotsala tiichotsera pa fizi ya Januwale, ndipo wofuna kubwezeredwa atiuze." Mawu oti wofuna kubwezeredwa atiuze musawachotse. Ambiri sabwera kudzatenga, koma amakhulupirira sukulu yomwe yanena zimenezo.

Nangozo, Kawale

Apa ndiye mwandiyankha, amayi. Nyanja sinafe, yangosunthidwa. Kholo limva zimenezo.

A Gama, Area 23

Ine ndithandizepo pa galimoto, poti ndinayendetsapo minibasi ndisanatsegule sukulu. Anthu mukhala pafupifupi 57 mukaphatikiza makolo operekeza, ndiye kosta imodzi sikwana. Musalole zoti ana ndi ang'onoang'ono, akhala anayi pa mpando wa awiri. Inshuwalansi imawerenga mipando, ndipo nyengo ino apolisi apamsewu amakhala paliponse, mutha kuimitsidwa ola lathunthu ana akulira ndi kutentha. Tengani makosta awiri anyamukire limodzi, mtunda ndi waufupi, mtengo wake sungafike wa ku Salima.

Kutatsala tsiku limodzi pitani mukaone magalimotowo ndi maso anu. Onani COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi pagalasi ngati masiku ake sanathe, laisensi ya adalaivala ikhale yonyamulira anthu, matayala asakhale osalala, mawaipa azigwira ntchito, chitseko chizitsekeka bwino. Onaninso geji ya mafuta. Mgwirizano ukhale woti athiriretu dzulo lake, osati kukaima pamzere wa mafuta ana ali m'galimoto. Lipirani theka poyamba, theka lina ana akatsika pasukulu. Wamkulu mmodzi akhale pachitseko, wina kumbuyo kwenikweni, ndipo mawindo a ana atsegulidwe pang'ono poti mkono sungatuluke.

Najere, Biwi

Kuwonjezera pamenepo, kalata ya chilolezo kholo lisayine, ndipo pakhale mzere wolembapo matenda: mphumu, khunyu, zakudya zomwe mwana zimamuwenga. Wa mphumu mankhwala ake akhale m'chikwama cha aphunzitsi ake, osati mwa mwanayo. Pa kakhadi ka pachifuwa lembani dzina la sukulu ndi nambala yanu, dzina la mwana ayi, kuopa kuti mlendo angamuitane ndi dzina iye n'kumutsatira. Powerenga musawerenge mitu, itanani mayina, aliyense ayankhe, pokwera ndi potsika pomwe. Ife timapatsa gulu lililonse kansalu ka mtundu wake kumanga padzanja, ofiira ndi a madamu awa, obiriwira ndi a madamu awo, mwana akasochera pagulu mumamuona msanga.

Madzi akumwa nyamulani anu m'zigubu, othira WaterGuard, ndi sopo ndi ndowa yosambira m'manja. Tonse tikukumbukira kolera ija, pomwe sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Musagule zodyera pamsewu. Thanzi ORS angapo, zovala zosinthira za a zaka 3, ndi matawulo akale a osanza.

Naphiri, Area 49

Chinanso, phokoso la ndege limaopsa ang'onoang'ono. Sabata imeneyo muziyeserera m'kalasi, madamu achite phokoso la injini, ana atseke makutu ndi manja, kenako aombe m'manja ndege yatera. Likafika tsikulo amachita okha ngati sewero.

Nachisale, Area 25

Nanga sewero la kubadwa kwa Yesu ndi mpunga wa nkhuku ndiziike tsiku lomwelo? Ndili ndi ana 4 a Chisilamu ndi 2 a Mboni za Yehova.

Amayi Nabanda, Chilinde

Musaunjike zonse tsiku limodzi, ana akabwera ku Lumbadzi adzakhala a tulo. Ulendo ukhale Lachinayi, ndipo muutche ulendo wa sukulu basi, kuti aliyense apite ndi mtima umodzi. Anyamule buledi, nthochi ndi Sobo, akadye nkhomaliro pobwera. Lachisanu m'mawa ndiye sewero ndi phwando, makolo alipo. A Mboni sachita nawo Khirisimasi, choncho funsani makolo awo padakali pano, musamuveke mwana mapiko a mngelo kholo lisakudziwa. Ngati sabwera Lachisanu, kaphukusi kawo muwapatse tsiku lina monga mphatso yotsekera teremu, mutamva kaye kwa makolowo. Nkhuku gulani zamoyo, mupemphe bambo mmodzi wa Chisilamu azinge, ana onse adye mphika umodzi. Muphike m'mawa womwewo, mpunga wogona m'nyengo yotentha ino umatsegula m'mimba.

Za kusinthana mphatso zija zisiyeni. Wina amabweretsa chidole cha mushopu, wina sopo mmodzi, ndipo ana amaona. Pangani timaphukusi tofanana, bisiketi, masiwiti awiri, chibaluni ndi pensulo. Father Christmas akhale munthu amene ana amamudziwa, ndipo avale ndevu zija ana akuona. Akangotulukira atavala kale, a zaka 3 onse amalira n'kuthawira kuseri kwa madamu.

Nachisale, Area 25

Ndabwera ndi ndemanga. Komiti inakumana dzulo madzulo ndipo yavomera. Makolo awiri okha ndi omwe anadandaula, mmodzi wapempha ndalama yake ndipo ndamubwezera, koma mwana wake apita nawo. Mwa makolo 11 aja, 6 adzipereka kuperekeza ana, atatu abwera kudzaphika Lachisanu. Kalata ndakapereka m'mawa uno, andiuza kuti ndiimbe Lolemba kuti anditsimikizire tsiku ndi nthawi. A Gama, mwini kosta wavomera kubweretsa ziwiri ndipo ndikaziona Lachitatu. Chomwe ndikusowa tsopano ndi chovala cha Father Christmas, alonda athu avomera kuvala.

Najere, Biwi

Chathu chilipo, ife phwando tichita Lachitatu. Ndevu zake lamba anatha, mudzasokererepo wina. Tumizani munthu adzatenge Lachinayi madzulo mukabwerako ku Lumbadzi.