Kodi "run" ndi kuthamanga basi?

Chisomo: Abale ndithandizeni. Kusukulu amati "run" ndi kuthamanga. Nanga "she runs a hotel" akutanthauza chiyani? Komanso "the engine is running", pomwe galimoto yangoima?

A Phiri: Achemwali, muziyang'ana chimene chikuchita ndi chimene chikutsatira liwulo. Ngati ndi munthu kapena nyama ndipo palibe china patsogolo, ndi kuthamanga. Likatsatidwa ndi bizinesi, sukulu kapena bungwe, ndi kuyendetsa: mayiyo amayendetsa hotela. Injini ikakhala "running" ndiye kuti ikulira, galimoto iyende kapena iime. "The tap is running", madzi akutuluka pampopi. "My nose is running", mamina akuchucha. "Buses run every hour", mabasi amanyamuka ola lililonse. Pa kompyuta, "run a program" ndi kuitsegula kuti iyambe ntchito. Musadabwe nazo, ifenso timatero ndi "kuyenda": bizinesi ikuyenda, wotchi ikuyenda, madzi akuyenda.

Mayi Banda: A Phiri anena bwino, koma pamene ambiri amagwa ndi pa timawu totsatira. "Run into" munthu ndi kukumana naye mwadzidzidzi, koma galimoto ikachita "run into" mtengo yawomba mtengowo. "Run over" ndi kugunda n'kuponda ndi galimoto. "Run for president" ndi kupikisana nawo pa chisankho. Chovuta kwambiri ndi "run out", kutanthauza kutha kwa chinthu. Mukayamba ndi munthu, "of" asasowe: "we ran out of fuel". Mukayamba ndi chinthu chathacho, "of" achoke: "the fuel ran out". Kulemba "we ran out fuel" n'kulakwa, ndipo pamayeso amadula malikisi.

Kondwani: Ndiwonjezere za kasinthidwe kake. Lero "run", dzulo "ran", koma pambuyo pa "have" kapena "has" limabwerera ku "run". Choncho "I have ran" n'cholakwika, ndipo "runned" kulibe. Pa "running" ndi "runner" zilembo n zikhale ziwiri pambuyo pa u. Limakhalanso dzina: "a run" ndi ulendo wothamanga, kapena chigoli pa masewera a cricket, ndipo "in the long run" ndi m'kupita kwa nthawi. Dikishonale yaikulu ya Oxford itakonzanso liwuli mu 2011 inalipezera matanthauzo 645 ngati mneni yekha. Musaloweze onsewo, achemwali. Lembani m'kope ziganizo zathunthu zimene mwakumana nazo, chilichonse ndi tanthauzo lake pambali.

Chisomo: Zikomo nonse. Ndiye "time is running out" ndi kuti nthawi ikutha, eti?

Mayi Banda: Eya, mwagwira. Onani kuti "of" palibe, chifukwa mwayamba ndi nthawiyo.