Ndinasiya kukhulupirira Mulungu, mayi ndiwauze bwanji?

wakuChilobwe:
Abale ndigawireni nzeru. Ndinakulira mu mpingo, Sande sukulu, kwaya, zonse, koma panopa sindikhulupiriranso kuti kuli Mulungu. Zinayamba ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika phiri la Soche nkukwirira nyumba ana ali momwemo, ndiye pa maliro tikuuzidwa kuti ndi chifuniro cha Ambuye ena mpaka akuti ndi chilango cha machimo athu. Mwana oyamwa wachimwa chani? Nditafunsa akulu ampingo anangoti pemphera kwambiri. Vuto ndi mayi anga, ndi amvano, yunifomu yawo sakhudza wina aliyense. Lamulungu ndimangonama kuti ndili ku ntchito ndipo bodzali landikwana.

Nachisale_BT:
Simuli nokha achimwene, kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse mdziko muno alibe chipembedzo, ndipo gawo 33 la malamulo akulu a dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima. Koma malamulowo sakagwira pa khonde la mayi anu. Ine kwathu nditanena aunt anga analira kuti ndalowa za sataniki, anabwera ndi madzi odzozedwa kudzawaza kuchipinda kwanga mpaka pa pilo. Musayambe ndi kutsutsa Baibulo, ingonenani kuti amayi ine kutchalitchi ndasiya koma ndikadali mwana wanu. Ndipo akamati osapemphera alibe chifundo akumbutseni George Thindwa ndi Association for Secular Humanism, amene ankamenyera nkhondo agogo otsekeredwa mndende powanamizira ufiti, pomwe opemphera ambiri anali zii.

Bambo a Tada:
Ine ndine mkhristu ndipo sindikunyozani. Koma za Soche musamunamizire Mulungu, mitengo tinaidula tokha ndipo nyumba tinamanga motsetsereka chifukwa cha umphawi. Funso langa ndi limodzi, mukadzatisiya adzakuimbireni ndani? Mayi anu chomwe chidzawapweteke kwambiri ndi chimenecho, maliro a mwana wawo opanda kwaya opanda mbusa, anthu kumanong'onezana pa siwa.

wakuChilobwe:
Bambo a Tada zikomo poyankha mwaulemu. Komatu mwanena nokha, mitengo, mvula, umphawi, nkhani yonse yalongosoka popanda Mulungu kulowapo. Ndiye ngati sanagwetse phiri komanso sanaliletse ankatani nthawi imeneyo? Za maliro ndaziganizira kwambiri, adzukulu kumudzi safunsa khadi la mpingo pokumba manda. Chikundiwawa ndi nkhope ya mayi basi.

Nachisale_BT:
Ndiye musasiye anthu, siyani chikhulupiriro chokha. Pa maliro muzipezeka, chipepeso muzisonkha, mayi akadwala muziwaperekeza ku Queens, akafuna ya minibasi yopitira ku mvano apatseni osawerengera. Adzakupemphererani mokweza pa chakudya chilichonse kwa miyezi, asiyeni apemphere, inu muzingodikira amen nkusamba mmanja. Koma muwauze nokha asanamve kwa anthu a ku mlaga.