Za mthunzi wa malemba ndi chilembo cha ŵ chija

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake kachipangizo kanga kowerengera mabuku kamasiya mthunzi wa malemba a tsamba lapitalo, komanso chifukwa chake ŵ amaoneka ngati kabokosi. Zikomo nonse amene munandithandiza.

Za mthunzi zija, sikirini sinawonongeke ayi. Mu sikirini ya e-ink, mtundu wa sikirini ya kachipangizo kangaka, muli timakapisozi tambirimbiri tokhala ndi tinthu toyera ndi takuda, tomwe magetsi amatikweza kapena kutitsitsa. Tsamba likatembenuka mwachangu, tina timatsalira panjira. Ndinasintha kuti sikirini izidzitsuka pa tsamba lililonse. Imaphethira kuda kamodzi, batire likutha msangako pang'ono, koma malemba akuoneka bwino lomwe.

Za ŵ, vuto linali fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo zomwe buku limaoneka nazo. Ndinatsegula fayilo ya buku (EPUB) mu Calibre, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mabuku otere, n'kuikamo fonti yokhala ndi chilembochi, ndipo mawu oti Malaŵi akuwerengeka tsopano.

Chomwe chikundipwetekabe mtima ndi kusowa kwa mabatani. Usiku ndikagona chagada n'kukagwira ndi dzanja limodzi, chala chachikulu chikangokhudza m'mphepete, tsamba lathawa, nthawi zina awiri. Kodi alipo amene anapeza njira yochepetsera malo okhudzawo?